Chimfine cha Fumbi ndi BP: Adokotala Akuyankha Makalata Anu

Wowulutsa: Omvera, adokotala akhala kale pampando ndipo makalata ndi awa. Yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Mchinji. Akuti: "Ndimamwa mankhwala a BP. Ikafika Ogasiti, mphepo ikayamba kuulutsa fumbi ndi utsi wa tchire, ndimayetsemula tsiku lonse, maso kuyabwa, mamina osaleka. Mnzanga akuti Piriton amakweza BP. Ndi zoona?"

Adokotala: Mayi, khazikani mtima pansi. Piriton, amene dzina lake lenileni ndi chlorpheniramine, sadziwika ndi kukweza BP. Chimodzimodzinso cetirizine ndi loratadine. Vuto la Piriton ndi tulo: woyendetsa minibasi kapena kabaza asamwe ali pantchito, ndipo abambo achikulire amene mkodzo umatuluka movutikira asamale, chifukwa amatha kuwatsekeratu. Loratadine sagonetsa kwenikweni, ndipo munthu wamkulu amamwa 10mg kamodzi patsiku.

Komabe mnzanuyo sanangopeka. Ngozi ili m'mankhwala a chimfine osakaniza aja, piritsi limodzi lolonjeza kuchotsa mutu, kutentha thupi ndi kutsekeka kwa mphuno. Ambiri mwa amenewa muli pseudoephedrine kapena phenylephrine. Izi zimatsegula mphuno pofinya mitsempha ya magazi imene yatupa m'mphunomo. Tsono piritsi silisankha malo. Mitsempha ya thupi lonse imafinyika, ngati muja mwana amapanira paipi yothirira dimba madzi n'kumatuluka mwaukali. BP imakwera, mtima kumagunda msangamsanga, usiku tulo osabwera. Ena amaikamonso ibuprofen, uja timati Brufen, yemwe amafooketsa mankhwala anu a BP ndi kuvutitsa impso. Tembenuzani kabokosi muwerenge timalemba ting'onoting'ono takumbuyo. Dzina likathera ndi chilembo D, likaikireni.

Wowulutsa: Koma adokotala, ambirife timagula mapiritsi awiri ong'ambidwa kale pa okala. Kabokosi tikaona kuti?

Adokotala: Zimenezo n'zomwe zimandidetsa nkhawa ine. Wa BP asamamwe piritsi lomwe sakulidziwa dzina. Pitani ku famase, ndipo musanatulutse ndalama nenani kuti, "Ndili ndi BP." Mphuno ikatsekeka, yambani ndi madzi owiritsa, ozizira, othira kamchere pang'ono, kutsukira m'mphunomo. Palinso beclomethasone wopopera m'mphuno. Amachedwa kugwira, amafuna masiku angapo, koma wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi. Odontheza aja a xylometazoline amatsegula pompopompo, koma musapitirire masiku asanu, chifukwa mukawazolowetsa mphuno imatsekeka kuposa kale.

Wowulutsa: Bambo ena a ku Zomba akuti chiyambireni kumwa mankhwala a BP a enalapril akhala akutsokomola chifuwa chouma, chokanda pakhosi, makamaka usiku. Amwa cetirizine mwezi wathunthu koma palibe chasintha.

Adokotala: Bambo, fumbi mukulinamizira. Enalapril ndi mnzake captopril amadziwika bwino ndi chifuwa chotere, ndipo cetirizine sangachithetse. Musasiye nokha mankhwala. Bwererani kuchipatala ndi buku lanu lija, akusinthireni ena monga amlodipine kapena losartan; chifuwacho chimatha pakapita masabata ochepa. Koma mverani izi: mukadzaona milomo, lilime kapena nkhope zatupa mwadzidzidzi muli pa enalapril, musati ndi ziwengo za chakudya n'kumwa Piriton kukagona. Kutupa kumeneku kumatha kutseka pakhosi, ndipo kumagwira anthu akuda kawirikawiri kuposa azungu. Musamwenso piritsi lina, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.

Wowulutsa: Yomaliza, nthawi yatithera. Mtsikana wina wa ku Ndirande akuti agogo ake amamwa prednisolone thupi likangoyamba kuyabwa.

Adokotala: Iyayi, mwanawe, uwaletse mwaulemu. Prednisolone amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza BP ndi shuga yemwe. Alipo matenda omufuna, monga mphumu ikavuta, koma azilemba ndi adokotala. Ngati agogowo amwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, asasiye kamodzin'kamodzi; upite nawo kuchipatala akawachepetsere pang'onopang'ono, akawayezenso BP ndi shuga tsiku lomwelo.