Njira yotsata pa khansa ya khomo la chiberekero kwa amayi a kumapiri a Dedza

Khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, komabe imatenga zaka zambiri isanakhwime, kotero kuti mayi wa ku Bembeke, Lobi kapena Mayani ali ndi mpata woipewa akamatsata ndondomeko yake. Gwero lake ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo bungwe la WHO likuti chiopsezo cha amayi amene ali ndi HIV chimaposa cha anzawo kuwirikiza ka 6. Katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndi woteteza ana. Kwa mayi wamkulu, njira imayambira pa kuyezetsa.

Choyamba, mayi wa zaka za pakati pa 25 ndi 49 apite kukayezetsa thupi lidakali bwinobwino, pa tsiku limene sali kumwezi, atatenga buku lake la kuchipatala. Namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira ya abambo, n'kupaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pakatha mphindi imodzi malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Kuyera kumeneku si khansa ayi, koma chizindikiro choti pangadzabuke khansa. Mphekesera yoti poyeza amatulutsa chiberekero ndi yabodza, ndipo yalepheretsa amayi ambiri kupita. Mayi amene akutaya magazi akatha kukhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, kapenanso akutuluka chikazi chonunkha, asadikire zaka zimenezi kapena kuyamba wayesa zitsamba.

Chachiwiri, malo oyerawo akakhala aang'ono, ndi bwino kulandira thandizo tsiku lomwelo, pakuti wouzidwa kuti adzabwerenso nthawi zambiri sabwerera, makamaka mvula ikaononga misewu ya m'mapiri. Njira yatsopano ndi yowotcha malowo ndi kachitsulo kotenthetsedwa kufika madigiri 100 kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Chipatala cha Nkhoma, chimene chili kufupi ndi malire a Dedza ndi Lilongwe, chinatsogolera njirayi kuyambira 2013 mogwirizana ndi yunivesite ya Edinburgh, ndipo ubwino wake ndi woti safunikanso masilinda olemera a gasi amene njira yakale yozizitsa inkadalira. Pambuyo pake chikazi chamadzimadzi chimatuluka kwa masabata angapo, ndipo banja liyenera kupewa kugonana kwa mwezi wathunthu, n'chifukwa chake ndi nzeru kuti mwamuna amve yekha malangizowa kwa namwino. Kutentha thupi, fungo loipa kapena magazi ambiri ndi chifukwa chobwererera msanga. Popanda izi, mayi adzaonetsenso pakatha chaka.

Chachitatu n'chimene chimavuta. Namwino akakayikira khansa, madokotala amadula kanyama kakang'ono kuti kakapimidwe ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ntchito imene labotale ya pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe yakhala ikugwira kuyambira 2011 mothandizana ndi bungwe la UNC Project. Zotsatira sizituluka tsiku lomwelo, ndipo odwala ambiri amasowa pakati pomwepa, ena poganiza kuti kukhala chete kwa chipatala ndiye kuti zonse zili bwino. Mayi asachoke asanalembetse nambala ya foni imene imagwiradi, ngakhale ya wachibale kapena ya mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, asanalemberedwe tsiku lobwerera m'buku, ndiponso asanalandire kalata yomutumiza ku Lilongwe. Tsikulo likadutsa popanda uthenga, udindo wofunsa ndi wake.

Khansa ikatsimikizika, madokotala amayamba aona pamene yafika. Yoyamba kumene imachotsedwa ndi opaleshoni, pamene yokulirapo imafuna radiotherapy, kumene kuli kupha maselo a khansa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina, pamodzi ndi mankhwala a m'diripi otchedwa chemotherapy. Kwa zaka zambiri thandizo la chezali linkapezeka kunja kokha, monga ku India, Tanzania ndi Kenya, mpaka pamene International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira, chinatsegulidwa mu 2024, ndi National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe mu 2025. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, koma chezacho chimaperekedwa pafupifupi tsiku lililonse la ntchito kwa masabata 5 kapena kuposerapo, ndipo kudukiza kumachepetsa mphamvu yake. Choncho banja likhale pansi ulendo usanayambe, ligwirizane za wodikirira wodwala, woyang'anira ana ndi dimba la mbatatesi, ndi kumene kuchokere ndalama ya thiransipoti. Amene amamwa ma ARV asasiye, ndipo atenge okwanira nthawi yonseyo.

Chisamaliro chochepetsa ululu sichiyenera kudikira masiku otsiriza, pakuti chimayendera limodzi ndi thandizo lina lonse. Wodwala akabwerera kumudzi akalembetse ku kiliniki ya chisamalirochi pa chipatala cha boma cha Dedza, ndipo akapatsidwa morphine wamadzi azimwa pa maola amene wauzidwa, osadikira kuti ululu uyambe wabwerera. Popeza mankhwalawa amadzimbitsa, apemphenso ofewetsa m'mimba, ndipo wodikirira azikatenga botolo lina loyambalo lisanathe.