Kusamalira munthu amene anafa ziwalo atalowa pansi pa madzi

Amayi, mukamva kuti munthu wafa miyendo mumaganiza za sitiroko kapena ngozi ya pamsewu. Koma pali matenda enanso amene amapuwalitsa munthu wamphamvu zake pa tsiku limodzi. Amagwira anthu olowa pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya kumsana, ndipo pa Chingerezi amatchedwa decompression sickness. Kuno kwathu aliko anyamata ogwira ntchito yotere pa nyanja ya Malawi, monga ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Ena amaperekeza alendo, ena amagwira mbuna zogulitsa kunja.

Matendawa amayamba bwanji?

Pa magawo 100 a mpweya umene timapuma, 78 ndi nayitirojeni. Munthu akatsika mamita 10 pansi pa madzi, mphamvu yomupanikiza imawirikiza kawiri, ndipo nayitirojeni wambiri amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Akamakwera pang'onopang'ono, mpweyawu umatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo. Akakwera mothamanga zimachitika ngati mwatsekula botolo la Fanta mutaligwedeza: m'thupi mumabuka tithovu. Tithovuti tikatseka njira za magazi mu ubongo, kapena mu mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana umene umanyamula mauthenga a ubongo kupita ku ziwalo, mbali imeneyo imawonongeka.

Zizindikiro zimaoneka munthu atangotuluka m'madzi kapena patapita maola angapo, kawirikawiri tsiku lisanathe: kuphwanya m'mapewa ndi m'zigongono, dzanzi, chizungulire, miyendo kulemera ndi kukanika kukodza. Wotere mugonekeni chagada, mum'patse madzi akumwa ngati ali maso, ndipo muthamange naye kuchipatala kuti akamuike pa okosijeni. Uzani adokotala kuti analowa pansi pa madzi. Asabwererenso m'madzimo poganiza kuti akachira. Chithandizo chenicheni ndi kumulowetsa m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya kwa maola pafupifupi asanu, nthawi zina kangapo. Zipinda zotere zili m'zipatala zochepa, monga zina za ku South Africa, n'chifukwa chake osauka ambiri amafikako mochedwa kapena safikako n'komwe.

Zimene zinachitika ku Honduras

M'dziko la Honduras, ku Central America, amuna a mtundu wa Miskito akhala akulowa pansi pa nyanja kwa zaka zambiri kugwira nkhanu zikuluzikulu zotchedwa lobster. Amalipidwa potengera kulemera kwa zimene agwira, choncho amalowa kambirimbiri pa tsiku, mwakuya, ndi zida zakutha. Ambiri anafa, ndipo m'midzi yawo muli abambo ochuluka oyenda ndi ndodo kapena pa njinga za olumala. M'chaka cha 2021 khoti loona za ufulu wa anthu m'maiko a ku America linagamula mlandu wokhudza anthu 42 a mtunduwu, ndipo boma la Honduras linavomera kuti linalephera kuwateteza. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku yosambitsa, kutembenuza ndi kudyetsa odwalawo imatsalira akazi awo, amayi awo ndi ana awo. Ndi chisamaliro cha pakhomo chimenechi chimene chimatalikitsa kapena kufupikitsa moyo wa wodwala.

Zimene zimatsalira m'thupi

Ambiri olandira chithandizo msanga amachira. Ena amatsala ndi miyendo yofooka kapena yakufa, dzanzi, ululu wotentha ngati moto, kudzandira poyenda, ndi kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi. Abambo ena mphamvu za kuchipinda zimachepa. Ngati ubongo unakhudzidwa, munthu amaiwalaiwala, amatopa msanga, ndipo amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Si ulesi, si mwano, ndipo palibe amene wamulodza. Matendawa sapatsirana.

Zoyenera kuchita pakhomo

Khungu. Munthu amene samva kupweteka sadziwa kuti wagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Mutembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku womwe. Tsiku lililonse yang'anani m'matako, m'chiuno ndi kuzidendene. Malo akasintha mtundu kapena kutentha, asagonerenso pamenepo mpaka atabwerera mwakale. Zogonera zikhale zouma ndi zosakwinyika. Madzi osamba yambani mwawayesa inu ndi chigongono, ndipo musamukhazike pafupi ndi mbaula, chifukwa akhoza kupsa osadziwa.

Chikhodzodzo. Mkodzo ukamatsalira umabweretsa matenda amene amakwera mpaka ku impso. Azimwa madzi okwanira. Musamumane poopa kuti anyowetsa pogona. Ngati anamuika kapaipi ka mkodzo, sambani m'manja ndi sopo musanakagwire, ndipo thumba lake lizikhala m'munsi mwa chiuno. Mkodzo ukada, ukanunkha, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

M'mimba. Kudzimbidwa kumawavuta kwambiri. Masamba, papaya, nyemba ndi nsima ya mgaiwa zimathandiza, komanso kumuzolowetsa kupita kuchimbudzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Mafizo. Pindani ndi kuwongola mwendo uliwonse mofatsa, m'mawa ndi madzulo, kuti mfundo zisaume. Pemphani a mafizo pa chipatala cha boma akuonetseni kachitidwe kake. Kwa ofunika thandizo lalikulu kuli malo monga Kachere ku Blantyre. Mphamvu zimatha kubwerera pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, choncho musataye mtima sabata zoyambirira. Chimene angathe kuchita yekha, monga kudya kapena kuvala malaya, msiyeni achite ngakhale achedwe.

Maganizo. Bambo amene ankadyetsa banja akaona kuti akusambitsidwa ngati mwana, mtima umasweka. Pitirizani kumufunsa nzeru pa za munda, sukulu ya ana ndi ndalama. Mutulutseni panja acheze ndi anzake. Ngati amaiwala, mulembereni nthawi ya mankhwala papepala, ndipo muzimuuza chinthu chimodzi pa nthawi. Akayamba kukana chakudya kapena kunena kuti kuli bwino angofa, musazitenge mopepuka: kauzeni achipatala.

Nanga wosamalirayo?

Mayi wodzuka kanayi usiku uliwonse sangapirire yekha chaka chathunthu. Apa ndi pamene gulu lanu lingathandize. Gawanani masiku: wina akatunge madzi, wina akachape zofunda, wina akakhale ndi wodwala kuti mayiyo apite kumsika kapena agone. Zimene mwaona m'nyumbamo zikhale za m'nyumbamo, pakuti manyazi a mkodzo ndi chimbudzi ndi amene amabisitsa odwala ambiri. Luso limeneli ligwiranso ntchito kwa aliyense wovulala msana kapena wodwala sitiroko m'dera lanu.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu muli wodwala wogona amene satuluka panja? Amamutembenuza ndani usiku?
2. Ngati mwana wanu amagwira ntchito yolowa pansi pa madzi, kodi anaphunzitsidwa kukwera pang'onopang'ono? Kodi akudziwa chipatala chapafupi chimene chili ndi okosijeni?
3. Ndi ntchito iti imene gulu lanu lingayambe kugawana sabata ino?