Kalata ya Mayi wa ku Chitakale

Zikomo mayi athu a ku Chitakale, ku Mulanje, chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwakhala mukulemba nkhani zachikhristu, ndipo tsopano mukufuna kulemba yachikondi yokhala ndi zoopsa ndi zinsinsi, koma mukuopa kuti akumpingo akuonani ngati mwalowerera.

Mayi, musaope. Baibulo lomwe lili ndi nkhani zotere. Rute anapita usiku kudwale kwa Boazi osadziwa kuti zimuthera bwanji. Esitere analowa kwa mfumu osaitanidwa, moyo wake ndi wa anthu ake uli pachiswe. Chikondi ndi mantha zili momwemo, koma palibe cholaula.

Malangizo anga ndi awa. Owerenga azifunsa mafunso awiri mpaka tsamba lomaliza: kodi okondanawo akwatirana, ndipo kodi apulumuka? Chinsinsi musachiulule msanga. Musaimitse nkhani kuti mulalikire. Chikhulupiriro chionekere pa zimene munthu wa m'nkhaniyo wasankha zinthu zitathina.

Malo musakawafune kutali. Muli ndi minda ya tiyi, malire a Muloza, njira za ku Likhubula, ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, komwe anthu ena anasowako. Mnyamata wonyamulira alendo katundu kuphiri ndi mtsikana wothyola tiyi akukwanirani.

Mukamaliza, apatseni amayi anzanu awiri kapena atatu awerenge, kenaka funsani upangiri ku Malawi Writers Union kapena kwa ofalitsa mabuku a CLAIM ku Blantyre. Lembani, mayi, ndipo mutidziwitse buku likatuluka.