Kusiya Area 47 n'kukakhala ku Mzuzu: tikuyankha makalata anu

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Area 47, Sector 3. Iwo akuti: "Ndikupuma pantchito chaka chino. Ndikufuna kugulitsa nyumba yanga kuti ndikamange mahositelo a ophunzira ku Luwinga, pafupi ndi yunivesite ya Mzuzu (Mzuni). Koma mayi akunyumba ali ndi mphumu, ndipo achibale akuti kumalo okwera mpweya umachepa. Ndichite bwanji?"

Zikomo bambo. Za mpweyazo mtima ukhale m'malo. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera panyanja yamchere, pamene Lilongwe amene mukukhalayu ali pa mamita pafupifupi 1,050. Kusiyanako n'kochepa, thupi silingakumve. Matenda obwera chifukwa chokwera pamwamba amayamba kuvuta munthu akafika cha pa mamita 2,500, ndipo m'Malawi muno malo otero ndi nsonga za mapiri ngati Sapitwa ku Mulanje, osati tauni. Chimene chingawavute mayi ndi chinyezi. Ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, kenaka June ndi July amabwera ndi nkhungu, mvula yowaza ndi chisanu cholowa m'mafupa. Nyumba yosapita bwino mphepo imachita chuku m'makoma, ndipo chuku pamodzi ndi utsi wa mbaula yootha usiku ndizo zimadzutsa mphumu. Komabe ena amene fumbi la Lilongwe la mu September ndi October limawatsekereza pachifuwa amakapezako bwino. Thupi la mayi ndilo lidzanene, choncho akaonane ndi adokotala awo, ndipo akakhaleko nyengo yozizira yonse musanasaine pepala lililonse. Chipatala chachikulu chiliko, Mzuzu Central, ndipo neti musaisiye poganiza kuti kozizira kulibe malungo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mawu oti kugulitsa. Nyumba ya ku Area 47 ili mumzinda umene kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000, pamene Mzuzu unali ndi anthu pafupifupi 221,000. Ku Lilongwe wolipira lendi angachokere ku Capital Hill, kumabungwe kapena kumakampani; wina akatuluka, wina amalowa. Hositelo ya ku Luwinga imadalira kalendala ya sukulu imodzi. Ophunzira akapita kutchuthi zipinda zimakhala zopanda anthu, ndalama za ngongole ya boma zikachedwa lendi yanu imachedwanso, ndipo sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, monga zachitikirapo m'mayunivesite a boma, mulibe kolowera. Munthu wapenshoni safunika kuika chuma chake chonse pa kasitomala mmodzi.

Mayi wina wa ku Area 25 watilemberanso pankhani yofanana, ndipo akuti: "Ana anga awiri anaphunzira ku Mzuni, malo ogona ankasowa. Bizinesi imeneyi singalephere." Mayi, kusowa kwa malo ogona n'koona. Chiyambire pamene Mzuni inatsegulidwa mu 1999, ophunzira achuluka kuposa zipinda za pasukulupo, ndipo ambiri amachita lendi kunja. Koma kusowa malo sikutanthauza kuti wophunzira ali ndi ndalama zambiri m'thumba. Amafuna chipinda chotchipa, chapafupi poti n'kuyenda wapansi, chokhala ndi madzi ndi magetsi. Amene anayamba kale kumanga anatenga malo abwinowo, ndipo wobwera lero angapeze puloti patali kapena pamalo otsetsereka, pamene maziko amadya simenti yambiri ndiponso mvula ikachuluka nthaka imagumuka.

Sindikunyoza Mzuzu. Kulibe kutentha kwa mu October kotopetsa achikulire, nsomba za ku Nkhata Bay zimafika zili zaziwisi, ndipo mukayesetsa kulonjera m'Chitumbuka anthu adzakulandirani bwino. Koma bambo, nyumba ya ku Area 47 musagulitse. Ikanimo munthu wa lendi, ndalamayo mukachitire lendi ku Katoto kapena ku Luwinga komweko kwa chaka chathunthu, muone chifuwa cha mayi ndiponso muwerenge nokha miyezi imene mahositelo amakhala opanda anthu. Mukakhutira, yambani ndi zipinda zochepa, ndipo puloti muilipire pokhapokha mwatsimikiza mapepala ake ku khonsolo ya mzinda ndi ku ofesi yoona za malo.