Kayesedwe ka mitengo yosungira deta mu kernel ya Linux

Mafoni onse a Android ogulitsidwa m'mashopu a mu Cairo Road amayendera kernel ya Linux. M'kati mwa kernel muli njira yosungira deta yotchedwa red-black tree, mtengo wa mfundo zofiira ndi zakuda, umene Leonidas Guibas ndi Robert Sedgewick anaufotokoza mu 1978 potengera ntchito ya Rudolf Bayer ya mu 1972. Linux imadalira mtengowu posankha pulogalamu yoti ipatsidwe mpata pa purosesa, posunga ma timer, ndiponso mu epoll. Khodi yake ili mu fayilo ya lib/rbtree.c.

Ubwino wa mtengowu ndi wakuti supendekera mbali imodzi. Ngakhale mfundo zitafika 1,000,000, njira yochokera ku muzu siposa mfundo 40. Koma mtengo wowonongeka ukhoza kumaperekabe mayankho olondola kwa nthawi yaitali, monga mtanda wa denga wodyedwa ndi chiswe umene kunja umaoneka wabwinobwino. N'chifukwa chake kuyesa kwenikweni sikuthera pa mayankho. Kumayendera mtengo wonse nthawi iliyonse pamene wasintha.

Gawo 1: Kukonza malo oyesera

Kernel yoyesedwa isayendetsedwe pa kompyuta yogwirira ntchito, chifukwa ikagwa imagwa ndi zonse. Iyendetsedwe mu QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta, mmene ikhoza kugwa n'kudzutsidwanso popanda kutaya fayilo. Wophunzira wa ku University of Zambia kapena wolemba mapulogalamu wa ku BongoHive safunika kukhala ndi makina odula. Laputopu wamba ndi yokwana. Pofuna kusunga bandulo, atenge khodi ndi git clone --depth 1, osati mbiri yonse ya Linux imene imadya magigabaiti angapo. Popeza magetsi amazimazima ku Kabwata, ku Chelstone ngakhalenso ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndi bwino kumanga kernel yaing'ono ndi kuika ccache, kuti ntchito ikadukira panjira isayambirenso pachiyambi.

Gawo 2: Kulemba choyendera mtengo

Chida chachikulu ndi kapulogalamu koyendera mfundo iliyonse n'kutsimikiza malamulo asanu. Loyamba, kiyi ya kumanzere isapose ya mfundoyo, ndipo ya kumanja isachepere. Lachiwiri, muzu ukhale wakuda. Lachitatu, mfundo yofiira isakhale ndi mwana wofiira. Lachinayi, njira zonse zochokera ku muzu kukafika kumapeto kwa nthambi zikhale ndi chiwerengero chofanana cha mfundo zakuda. Lachisanu, mwana aliyense aloze kholo lake lenileni. Lamulo lomalizali ndi lofunika kwambiri mu Linux, chifukwa mtundu wa mfundo umasungidwa pamalo amodzi ndi adiresi ya kholo. Cholakwika pa chimodzi chikhoza kuononganso chinzake. Kapulogalamuka kawerengenso mfundo zonse, ndipo kaitanidwe pambuyo pa rb_insert_color ndi rb_erase iliyonse, osati kumapeto kokha.

Gawo 3: Kusankha deta yoyesera

Woyesa ayambe ndi zazing'ono: mtengo wopanda kanthu, wa mfundo imodzi, wa mfundo ziwiri. Kenako alowetse manambala motsatizana, okwera ndi otsika, chifukwa ndiwo amakakamiza mtengo kudzitembenuza kawirikawiri. Makiyi ofanana ayesedwenso. Makiyi 8 amalowa m'njira 40,320 zosiyana, ndipo kompyuta imaziyesa zonse m'kanthawi kochepa.

Kuchotsa kumafuna chisamaliro choposa kulowetsa. Kulowetsa kumatembenuza mtengo kosaposa kawiri, pamene kuchotsa kumafika katatu ndipo kuli ndi mphambano zambiri. Woyesa achotse muzu, mfundo ya ana awiri, ndi mfundo yakuda yopanda mwana, chilichonse pachokha. Akatero asakanize kulowetsa ndi kuchotsa mwachisawawa kambirimbiri, koma nambala yoyambira kusakanizako ilembedwe, kuti vuto likaoneka athe kulibwereza ndendende.

Gawo 4: Kufanizira ndi mndandanda wamba

Pambali pa mtengo pasungidwe mndandanda wosavuta wa makiyi omwewo, wosanjidwa kuyambira kochepa. Kuyenda mumtengo ndi rb_first ndi rb_next kupereke makiyi ofanana ndi a mumndandandawo, ndipo rb_last ndi rb_prev zipereke omwewo chobwerera. Mndandanda ndi wochedwa, koma suvuta kuulemba molondola, motero ndiwo mboni yodalirika.

Gawo 5: Kuyesa mu kernel yeniyeni

Linux ili ndi choyesera chake, lib/rbtree_test.c, chimene Michel Lespinasse analemba mu 2012. Chimayatsidwa ndi CONFIG_RBTREE_TEST, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa ndi dmesg. Mayeso atsopano akhoza kulembedwa ndi KUnit, imene inalowa mu Linux 5.5 mu 2020. KASAN iyatsidwe kuti igwire khodi yokhudza mfundo imene yamasulidwa kale. Khodi ya rbtree ilibe loko yakeyake; woigwiritsa ntchito ndiye amateteza mtengo. Choncho QEMU ipatsidwe mapurosesa angapo, lockdep yoyang'anira maloko iyatsidwe, ndipo ntchito zingapo zogwiritsa ntchito loko zisinthe mtengo umodzi nthawi imodzi.

Gawo 6: Kuyesa choyeseracho

Mayeso amene sanalepherepo sanasonyeze mphamvu yake. Woyesa aononge khodi mwadala: asinthe mtundu wa mfundo imodzi, kapena achotse mzere wokonza adiresi ya kholo. Mayeso akapitirira osadandaula, ndiye kuti choyendera chili ndi mpata woyenera kutsekedwa. Akatha abwezeretse khodi ndi git.

Gawo 7: Kuyeza liwiro

Liwiro liyezedwe pomaliza, pa kernel yomangidwa popanda KASAN ndi lockdep, chifukwa zida zimenezi zimachedwetsa makina. Laputopu ikhale pa magetsi, popeza pa batire purosesa imachepetsa liwiro lake. Mfundo zikawonjezeka kakhumi, nthawi yofufuza kiyi imodzi ikwere pang'ono chabe. Ikakwera kakhumi nayonso, mtengo wapendekera ndipo woyesa abwerere ku Gawo 2. Zotsatira zonse zilembedwe pamodzi ndi nambala ya kernel, fayilo ya .config ndi nambala yoyambira kusakaniza, kuti wina athe kubwereza mayesowo pa makina ake.