Mmene mungachepetsere mpweya wa thoron m'nyumba ya dothi

Ngati nyumba yanu ndi ya zidina zosapaka pulasitala, kapena pansi pake ndi pozira, pali mpweya wina umene umatuluka m'dothimo usana ndi usiku. Suoneka ndipo sununkha. Dzina lake ndi thoron, akatswiri amati radon-220. Umachokera ku thorium, amene amapezeka pang'ono m'dothi ndi m'miyala kulikonse, choncho musadzidzimuke. Chofunika n'kuti usamachuluke pamene mumagona, chifukwa bungwe la WHO limaika mpweya wa radon m'gulu la zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, pambuyo pa fodya.

Thoron sakhalitsa. Pa masekondi 56 aliwonse, theka lake limakhala litasweka, ndipo pakatha mphindi 10 sipatsala ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000. N'chifukwa chake amachuluka pafupi ndi khoma, koma pakati pa chipinda amakhala wochepa kwambiri. Vuto lili pa zimene amasiya. Akasweka amasanduka polonium-216, amene sakwanitsa n'komwe sekondi imodzi, kenako lead-212, amene amatenga pafupifupi maola 11 kuti theka lake lithe. Tizidutswa ta lead-212 timakakamira pa fumbi ndi utsi, timayendayenda m'chipinda chonse, ndipo n'timeneti timakakhazikika m'mapapo.

Yambani ndi zaulere. Sunthani bedi kapena mphasa kuti mutu usagundane ndi khoma, musiye mpata woti munthu n'kudutsa. Ana amene amagona pansi pozira ayalireni pepala lapulasitiki kunsi kwa mphasa. Koma musaganize kuti mwamaliza. Ambiri amalekera pomwepa, pamene kusuntha bedi kumangokutalikitsani ndi mpweya wenewo, osati ndi tizidutswa tija.

Tizidutswato timachoka ndi mphepo. M'mawa uliwonse tsegulani chitseko ndi zenera moyang'anizana kwa theka la ola kapena kupitirira, mubwerezenso madzulo musanagone. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye anthu amakonda kutseka timabowo ta mpweya ndi nsanza kapena makatoni. Zichotseni, mungowonjezera bulangete. Mbaula isagone m'nyumba, utsi wake umanyamula tizidutswa timeneti, komanso mpweya wa makala pawokha umapha usiku umodzi wokha. Posesa wazani kaye madzi kuti fumbi lisabuke. Ndipo wosuta fodya azisutira panja, kapena asiyiretu, pakuti radon amavulaza kwambiri mapapo a wosuta.

Ntchito yolira ndalama ndi yophimba khoma. Popeza thoron amafa msanga, amene amafika m'chipinda ndi wochokera pamwamba penipeni pa khoma, masentimita ochepa chabe. Mukatchinga pamenepo mwamuchepetsa ndithu. Pa njerwa zowotcha pakani pulasitala wa simenti, muzimuthira madzi kwa masiku 7, ndipo akauma bwinobwino mupake penti kawiri. Pa zidina simenti sigwira bwino, imasiyana ndi khoma n'kumagwa zibenthuzibenthu, choncho funsani mmisiri za pulasitala wa laimu ndi mchenga. Kuzira ndi dothi lina kumakongoletsa, koma kumeneko n'kuphimba dothi ndi dothi linzake. Simenti yakwera mtengo, zoona, ndiye yambani ndi chipinda chogona chokha, zina zidzatsatira mukakolola. Ming'alu ya pansi muitseke nthawi yomweyo, chifukwa ndi mmene mumalowera mtundu wina wa radon, radon-222, amene theka lake limatha pa masiku pafupifupi 4, motero amakwanitsa kuchokera pansi patali.

Pomanga nyumba yatsopano, musatape mchenga kapena miyala yotayidwa pa migodi, makamaka ya uranium monga wa Kayelekera ku Karonga, ngakhale wina akupatseni ulere.

Kudziwa kuchuluka kwa radon m'nyumba kumafuna kachipangizo koyezera. Abale amene ali ku Britain, makamaka ku Cornwall ndi Devon kumene kuli miyala yambiri ya granite, angagule tizipangizo tiwiri ku bungwe la zaumoyo la UKHSA. Kena amaika pabalaza, kena kuchipinda, kwa miyezi 3, n'kutumiza kukawerengedwa. Asatiike mogundana ndi khoma, chifukwa thoron angasokoneze zotsatira. Zikafika pa mabekerelo 200 pa kiyubiki mita, malangizo a kumeneko ndi oti nyumbayo ikonzedwe.