Unamwino wa M'sukulu ndi M'midzi ya Kunyanja: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku kano ndi ka achinyamata a ku Mangochi ndi madera ozungulira amene akulingalira zophunzira unamwino, komanso makolo amene adzawalipirire fizi.

Kodi m'sukulu zathu muli anamwino?

Pa sukulu ya pulayimale ya boma simupeza namwino wokhala pomwepo. Zimene zimalemba wawowawo ndi sukulu zina zogonera konko ndi zolipira. Ana ena onse amadalira namwino wa pachipatala chapafupi, kaya ndi ku Namwera, Makanjira, Nankumba kapena Monkey Bay. Namwino yemweyo m'mawa ali kusikelo, usiku mwina wachezera kuchiritsa mayi, ndipo sukulu amaziyendera mpata ukapezeka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mangochi muli anthu oposa 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana. Choncho palibe namwino angaione ntchitoyi yekha. Amatsamira pa alangizi a zaumoyo, aja timawatchula kuti ma HSA, ndi mphunzitsi woyang'anira zaumoyo ndi kadyedwe pa sukulu iliyonse.

Akafika pasukulupo amachita chiyani?

Amayang'ana mphere, chipere, makutu otuluka mafinya ndi maso osaona bwino pa bolodi. Amaona ngati zimbudzi zili zokwanira ndiponso ngati pali madzi osamba m'manja. Amatsogolera katemera: kuyambira mu 2019 atsikana a zaka 9 adayamba kulandira katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mu 2023 kudali kampeni ya katemera wa typhoid. Mwana wofunika chithandizo choposa apo amamulembera kuti apite kuchipatala ndi kholo lake.

N'chifukwa chiyani anamwino a kunyanja amangokhalira kukamba za likodzo?

Chifukwa ndiwo matenda a mwana wa m'mbali mwa madzi. Munthu wodwala akakodzera m'nyanja kapena m'dambo, mazira a tizilombo amaswa, tizilomboto n'kulowa mu nkhono zina za m'madzi. Tikatuluka mu nkhonomo timaboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wokoka khoka. Sizilira kumwa madziwo, kungoima m'menemo n'kokwanira. Pakapita masabata, mwana amayamba kukodza magazi. M'midzi ina izi zidazolowereka moti mnyamata wokodza magazi amangoti wakula. Namwino ayenera kulimbana ndi ganizo limenelo poyamba, chifukwa likodzo losachizidwa limatha magazi m'thupi, limafooketsa mwana m'kalasi, ndipo pakapita zaka limawononga chikhodzodzo ndi impso. Kwa atsikana limayambitsa zilonda m'njira yoberekera, zimene kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Taganizani mtsikana wa Sitandade 6 akukalipiridwa kuti wayamba chiwerewere pomwe iye adangochapa mbale kunyanja.

Kale ku Mangochi tinkadziwa likodzo la m'chikhodzodzo. Mu 2017 ofufuza adapeza m'nyanja muno nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zimene zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atayeza ana a sukulu adawapeza nalo. Ili silichititsa kukodza magazi, ndiye kufunsa kokha kuti ndani akukodza magazi sikukwaniranso.

Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amagawidwa m'sukulu. Mwana amaima pa ndodo yoyezera msinkhu, ndodoyo n'kuonetsa mapiritsi angati amwe. Chofunika kwambiri n'chakuti ayambe wadya. Akamwa m'mimba muli pululu amamva chizungulire, ena kusanza, ndipo mawa lake mudzi wonse umakhala utamva kuti achipatala adwalitsa ana. Namwino wanzeru amaonetsetsa kuti phala lapsa asanatsegule botolo, ndipo amapewa kuika tsikuli m'mwezi wa Ramadani pomwe ana okulirapo akusala. Adziwenso kuti mwana wamwa mankhwala lero, madzulo ali m'madzi. Kumuletsa n'kutaya nthawi ngati mudziwo ulibe mjigo. N'chifukwa chake mankhwalawa amabwerezedwa, ndipo nkhani ya mijigo ndi zimbudzi imafika mpaka pabwalo la amfumu.

Nanga malungo?

Mwana wa sukulu amagwera pakati: sikelo adaisiya, ndipo neti kunyumba imapita kwa mayi ndi khanda. Mangochi idayesapo njira yake. Cha m'ma 2000, bungwe la Save the Children lidaphunzitsa aphunzitsi a m'bomali kupereka Fansidar kwa ana odwala malungo kuchokera m'kabokosi ka pasukulu. Ntchitoyi idaima boma litasintha mankhwala kupita ku LA mu 2007. Pambuyo pake ku Zomba adayesa kuphunzitsa aphunzitsi kuyeza magazi a pachala asanapereke LA. Kulikonse kumene mphunzitsi wapatsidwa mankhwala, pamafunika wachipatala womuyendera, kuona kaundula wake ndi kumukumbutsa zizindikiro zoopsa, monga kukomoka ndi kusanza chilichonse, zimene sizichizidwa pasukulu.

Ndikaphunzire kuti, ndipo kwa zaka zingati?

Digiri ndi ya zaka 4, ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba ndi ya zaka 3, ku Malawi College of Health Sciences kapena m'makoleji a CHAM monga St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi ndi Holy Family ku Phalombe. Konseko amafuna makirediti a MSCE, makamaka pa Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro ena a sayansi. Mukamaliza mumalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo popanda chiphaso chawo simungagwire ntchito. Musanalipire ndalama pa koleji iliyonse, funsani ngati bungweli lidaivomereza.

Kodi ndiyenera kudziwa Chiyao?

Pa pepala ayi, koma ku Makanjira kapena ku Katuli mudzavutika popanda icho. Mwana wa Sitandade 1 amafotokoza ululu wake m'chinenero cha amayi ake. Phunziraniko malonje ndi mayina a ziwalo za thupi, ndipo musayambe katemera musanaonane ndi amfumu, mashehe ndi atsogoleri a mipingo. Mphekesera yoti katemera amatseka mimba za atsikana imatha msanga ikatsutsidwa ndi iwowo kusiyana ndi mlendo wovala yunifolomu.

Mtsikana wa sukulu akapezeka ndi pakati, udindo wanga ndi wotani?

Kumuyambitsa sikelo msanga ndi kumusungira chinsinsi. Thupi losakhwima limavutika pobereka, choncho ayenera kukachirira kuchipatala. Auzeni makolo kuti ndondomeko ya boma imamulola kubwerera ku sukulu akabereka, ndiponso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Amayi a Mother Group pasukulupo ndiwo amadziwa khomo lililonse, gwirani nawo ntchito.

Zovuta zake n'zotani?

Kumaliza sukulu si kupeza ntchito. Ambiri amadikira boma kuti liwalembe, uku akugwira maganyu m'zipatala za anthu kapena m'mabungwe. Mukalembedwa, nyumba ya pachipatala mwina mulibe magetsi, ndipo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja umatha kudula ambulansi. Mliri ukabuka, za sukulu zimaima: kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Anamwino omwe ankayendera sukulu aja ndi omwewo adachezera m'matenti a odwala, kuika madiripi ndi kusungunula Thanzi.